Pati thu ya filimu ya magule: yoonetsa ndi iti kuno kuchigwa?

Ndili ndi vidiyo shoo pa tiledingi senta ina m'mbali mwa msewu wa M1, pakati pa Nchalo ndi Ngabu. Ndi nyumba ya malata, mabenchi, sikirini imodzi, masipika awiri ndi jenereta yodikirira magetsi akathima. Masiku ambiri ndimaonetsa mpira ndi mafilimu a nkhondo, poti ndi amene amabweza ndalama. Koma Lachisanu madzulo ndinalipereka kwa achinyamata okonda kuvina, ndipo tsiku limeneli landiphunzitsa kuti anthu a kuno sungawanamize pa nkhani ya gule. Filimu ya mfuti munthu amaonera ngakhale sanagwirepo mfuti. Pa gule aliyense wokhala pabenchi paja ndi katswiri. Wina anakulira pafupi ndi ulimba, wina amayi ake amavina utse, wina anaonapo likhuba fumbi lili koboo, ndipo pafupifupi onse anathawapo chilombo cha Gule Wamkulu ali ana. Phazi likaphonya ng'oma amaona.

Filimu ikatha, anthu asanadzuke n'komwe, funso limakhala limodzi: "Achimwene, pati thu ilipo?" Ilipo, ndipo kawirikawiri zilipo zingapo. Koma si zonse zimene zimakhutitsa amene anakonda yoyamba. Anzanga awiri a mashoo, wina ku Bangula wina pa Dyeratu, akhala akundifunsa kuti atenge iti, chifukwa malo mu fulashi ndi ochepa ndipo mafuta a jenereta satoledwa pansi. Zimene ndikulemba pano ndi zimene ndamva pakhomo potolera ndalama, ndi zimene ndaona pankhope za anthu ndikayatsa getsi.

Dandaulo loyamba nthawi zonse ndi la ekita. Ife tinazolowera mafilimu a ku Nigeria, amene pati thu imayambira pomwe pati wani inalekera, anthu omwewo, mlandu womwewo. Mafilimu a magule a ku America sayenda choncho. Amasunga dzina, nthawi zina amasunganso mzinda, koma ovina amabwera atsopano. Mukapanda kuwauziratu anthu, amaganiza kuti mwaika filimu yolakwika, ena mpaka kufuna ndalama zawo. Ine ndimalemberatu pa bolodi panja kuti ekita ndi wina. Munthu amene walowa akudziwa zimenezi amaonera ndi mtima wina.

Ndiyambe ndi imene ndaionetsa kambiri kuposa zonse, Step Up 2: The Streets, ya chaka cha 2008. Yoyamba inatuluka mu 2006 ndipo ekita anali Channing Tatum. Mu yachiwiriyi iye amangoonekera pang'ono kumayambiriro, n'kuvina kamodzi, n'kupita. Anyamata ena amakwiya pomwepo, ndipo mumamva kung'ung'udza kumabenchi akumbuyo. Koma ndaona kuti kung'ung'udzako sikuchedwa kutha, chifukwa nkhani ya mtsikana amene watenga malowo, Andie, ndi nkhani imene anthu a kuno amaidziwa m'nyumba zawo zomwe. Mayi ake anamwalira, akuleredwa ndi mnzawo wa mayi akewo, ndipo womulerayo watopa naye, akufuna kumutumiza kwa azakhali ake ku Texas. Pa benchi lililonse pali mwana amene anamvapo mawu oti ukapitiriza tikutumiza kumudzi. Atsikana makamaka amaikonda filimuyi kuposa yoyamba. Mtsikana wina wa Fomu 3 anandiuza potuluka kuti, "Amalume, iyi ndiye yathu, mu yoyamba ija mtsikana ankangodikira kunyamulidwa." Sindinamutsutse, ngakhale ndikudziwa kuti mtsikana wa mu yoyamba uja ankavinanso bwino.

Chimene chimaigulitsa filimuyi ndi gule wotsiriza. Gulu la Andie litakanizidwa kuvina m'nyumba ya mpikisano, limatulukira panja mumsewu wa ku Baltimore, usiku, mvula ikukhuthuka, n'kuvina momwemo. Ndaonetsa gawo limeneli mu Okutobala, nthawi imene kutentha kuno kumapitirira madigiri 40 ndipo malata amakhala akutulutsabe moto ngakhale dzuwa litalowa. Anthu thukuta lili kamukamu, akuona anzawo akumenya madzi ndi mapazi, nyumba yonse imaphulika ndi malikhweru. Palibe gawo la filimu ina iliyonse limene ndapemphedwa kubwereza ngati limeneli.

Koma ndisabise kuti mvula kuno ili ndi nkhope ziwiri. Nditaionetsa patangopita miyezi yochepa chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, bambo wina amene anasamuka kutsidya la kum'mawa kwa Shire anadzuka gule uja ali pakati n'kukaima panja. Nditamutsatira anangoti madzi ambiri chonchi mumdima sakufuna kuwaona. Kuyambira tsiku limenelo, miyezi ya Januwale mpaka Malichi filimuyi ndimaisiya kaye. Anzanga a ku Bangula ndi ku Nsanje, kumene anthu ambiri anagonapo m'misasa mu 2015, mu 2019 ndi mu 2022, aganizirepo pa zimenezi.

Pali zina ziwiri zoti mudziwe. Zovala za atsikana ena m'filimuyi zimasiya mimba pamtunda, ndipo amayi a mvano akalowa amadandaula. Chinanso, popeza gule wamkuluyo ndi wa usiku, mukatenga kope lopanikizidwa kwambiri, la mtundu umene amabena kuti likwane mu memole yaing'ono, mapazi amasowa mumdima ndipo mumangoona zithunzithunzi. Pa filimu iyi limbikirani kupeza kope lowala, ngakhale lidye malo a mafilimu awiri.

Yotsatira yake, Step Up 3D ya 2010, anaitsogolera ndi Jon M. Chu, yemwe anatsogoleranso Step Up 2, koma nkhani inasamukira ku New York. Apa maganizo a anthu amagawanika pakati penipeni. Amene amavina okha, aja amakumana kuseri kwa sukulu madzulo ndi kasipika ka Bluetooth, amati iyi ndiye mfumu ya zonse. Ndipo ali ndi chifukwa. Kamera imaima patali nthawi zambiri, thupi lonse likuoneka kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo pali gule wina wa mumsewu wa Moose ndi mnzake Camille amene anajambulidwa osadula ngakhale kamodzi. Wofuna kuphunzira sitepe amaona chiyambi ndi mathero ake. Moose yemweyo, kamnyamata kowonda ka tsitsi lopotana kamene anthu anakakonda mu pati thu, amabwereranso, ndiye dandaulo la ekita limachepa.

Amene sanabwere kudzaphunzira sitepe amati nkhani mulibemo. Ndimagwirizana nawo. Magulu awiri akulimbirana mpikisano ndi nyumba yangongole, basi, ndipo chikondi chake sichigwira mtima. Kuwonjezera apo, filimuyi inapangidwira magalasi a 3D a m'nyumba zazikulu za kanema. Manja oloza kumaso kwa woonera, madzi othovukira kutsogolo, zonsezo pa sikirini yathu zimangokhala wamba. Ndiye ngati Lachisanu lanu ndi la ovina okhaokha, tengani iyi. Ngati ndi la anthu osakanikirana, ena amayamba kutuluka kukagula maswiti pakati pa magule.

Ya nambala 4, Step Up Revolution ya 2012, ndingoitchula mwachidule chifukwa si pati thu. Ovina a ku Miami amagwiritsa ntchito gule kukana munthu wachuma amene akufuna kugwetsa dera lawo kuti amangepo zake. Madoda amene sasamala za hip-hop amaitsatira mpaka kumapeto, poti nkhani ya malo kuno kuchigwa si yachilendo kwa wina aliyense.

Tsopano ya ku India, imene ine ndimaiika patsogolo nyumba ikadzaza ndi amayi, ana ndi akuluakulu pamodzi. ABCD 2 inatuluka mu 2015, kutsatira yoyamba ya 2013, zonse motsogozedwa ndi Remo D'Souza. Mphunzitsi wa gule, Prabhu Deva, alimo m'zonse ziwiri, ndipo kwa anthu ambiri iyeyo ndiye ekita, ngakhale achinyamata otsogolera, Varun Dhawan ndi Shraddha Kapoor, ndi atsopano. Akangotulukira pa sikirini anthu amakhazikika, amadziwa kuti ali pakhomo loyenera.

Nkhani yake ndi imene imayambitsa mikangano yokoma kwambiri pakhomo langa. Gulu la achinyamata osauka a kunja kwa mzinda wa Mumbai likugwidwa pa mpikisano wa pa TV litakopera masitepe a gulu lina. Dziko lonse likuwatcha akuba. Filimu yonse ndi ulendo wawo wochotsa manyazi amenewo, mpaka kukafika ku mpikisano wa ku Las Vegas. Aliyense amene anakhalapo m'gulu la zovina, kaya la kusukulu, la kutchalitchi kapena lovina pa zikwati, amadziwa mawu oti atibera sitepe. Ndamvapo anyamata akukangana mpaka kukafika pa siteji ya kabaza. Ena amati kukopera si kuba, chifukwa gule aliyense munthu amaphunzira poona wina, ngakhale wa kudambwe. Ena amati kuphunzira n'kwina, kukaimirira pa mpikisano ndi gule wa mwini wake ngati wako n'kwinanso. Ine ndili mbali yachiwiriyi, ndipo ndimakondwa kuti filimu ikhoza kuwapatsa ana athu nkhani yotere yoti akambirane m'malo mwa kungowerengera anthu amene aphedwa.

Chimene amayi amaikondera ndi choti magule ake ndi a chigulu. Anthu makumi angapo akuponda limodzi, kutembenuka limodzi, monga mmene zimakhalira pabwalo. Mayi wina wogulitsa masamba pamsika, amene amabwera ndi adzukulu ake, anati a ku America aja aliyense amavina zake ngati akukangana, koma awa akumverana. Chakumapeto, pamene ovina akwerana pamapewa kupanga nsanja ya anthu, nsanjayo n'kugwa, iwo n'kudzukanso kuimanga, ndamvapo nthungululu m'shoo mwanga, chinthu chimene sichichitika ngakhale timu ikagoletsa.

Zovuta zake ndi zenizeni, ndipo zimakhudza thumba. Filimuyi imatenga pafupifupi maola awiri ndi theka, pamene Step Up 2 imangopitirira pang'ono ola limodzi ndi theka. Magetsi akathima, kusiyana kumeneku ndi mafuta. Tonse tikukumbukira zimene zinachitika namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira konkuno ku Chikwawa mu Januwale 2022, pamene kuthima kwa magetsi kunakhala chakudya cha tsiku ndi tsiku mpaka mu 2023. Nthawi imeneyo ndinaiika padera chifukwa sinkabweza mafuta ake. M'nyengo yotentha nayonso ndi yolemetsa. Maola awiri ndi theka pansi pa malata ana amagona, akulu amatopa. Yambitsani dzuwa litalowa, tsegulani zitseko zonse, ndipo pumitsani pakati kuti anthu akamwe madzi. Mudziwenso kuti muli gule wina wopembedza Ganesha, mulungu wa Ahindu. Anthu ambiri amangoona kukongola kwa guleyo, koma ena a mipingo samasuka naye, ndipo ndi bwino kuti adziwiretu.

Stomp the Yard: Homecoming ya 2010 ndimaitchula chifukwa anthu amaifunsa kwambiri, koma ndi imene yandikhumudwitsira makasitomala kuposa zonse. Yoyamba ya 2007 inatchuka kuno chifukwa munali Chris Brown, ngakhale amaphedwa filimu itangoyamba, komanso chifukwa cha mtundu wa gule wake: kumenya pansi ndi mapazi, kuomba m'manja, kumenya ntchafu ndi zifuwa, thupi lenilenilo kukhala ng'oma. Madala ena amene anagwirapo ntchito ku Joni amati akuona gule wa majombo wa anthu a m'migodi. Pati thu yake sinapite n'komwe ku nyumba za kanema, inangotuluka pa DVD, ndipo nkhani ikutsata mnyamata wina. Kupondako kulipo ndithu, ndipo kukayamba mabenchi amagwedezeka, poti anyamata amayankha ndi mapazi awo. Koma kamera imadumphadumpha, mwaona nkhope, mwaona nsapato, mwaona anthu oonerera, gule osamuona wathunthu. Anthu a kuno zimenezi amazitenga ngati chinyengo. Pabwalo wovina sabisala, amalowa pakati aliyense n'kumuona mbali zonse. Ngati muli ndi malo, ionetseni tsiku limodzi ndi yoyamba, yoyambayo ikhale yomalizira. Payokha sindikulangizani.

Honey 3 ya 2016 ili ndi chokopa chimodzi chachikulu: inajambulidwa ku Cape Town. Kuno nyumba zambiri zili ndi mwana kapena mlamu kumeneko, ndiye anthu amalowa kudzaona mzinda umene kumachokera ndalama ndi mafoni. Phiri lija likaonekera mumamva wina akuti achimwene anga ali komweko. Koma otsogolera ndi a ku America, ndipo amene anabwera akuyembekeza kukhuta pantsula amatuluka akudandaula kuti magule ambiri ndi omwe aja tinawaona kale. Imadzaza nyumba tsiku loyamba. Sabata yachiwiri sindinaionepo ikudzaza.

Kusankha filimu ndi theka chabe la ntchito. Funso lina ndi loti mutenge yomasuliridwa ndi DJ kapena ya mawu ake enieni. Pa mafilimu a nkhondo palibe mtsutso, ya DJ ndiyo imayenda. Pa magule nkhani ndi ina. DJ akafuna kulankhula amatsitsa mawu a filimu, ndipo ngati ndi wokonda kuyankhula, amadula nyimbo pakati gule ali mkati, kuti anene nthabwala kapena kupereka moni kwa anzake. Wovina akuponda, ng'oma palibe. Ndaonapo anyamata akukuwa kuti akhale chete, ngati kuti DJ-yo ali m'nyumba momwemo. Kwa Step Up iliyonse ine ndimatenga yosamasulira. Nkhani zake ndi zosavuta kutsatira, ndipo pa benchi sipalephera mwana wa sekondale wofotokozera anzake. ABCD 2 ndi ya Chihindi, ndipo popanda womasulira nkhani ya kubera masitepe ija imatayika, anthu amangoona ovina akulira osadziwa chimene chawaliza. Imeneyo tengani ya Chichewa, koma musanalipire ku malo obenera, pemphani akuikireni gawo limodzi la gule mumve ngati DJ wake amadziwa kukhala chete nyimbo ikayamba. Alipo amene amadziwa.

Achinyamata ena amandifunsa ngati kuli kofunika kubwera ku shoo pamene akhoza kuika filimu yomweyo mu foni. Ndingaoneke ngati ndikukokera kwanga, koma ndiyankhe moona. Ngati cholinga ndi kuphunzira sitepe, foni ndiyo yabwino. Umaimitsa, kubweza, kuonanso kakhumi, ndipo magule ambiri otchuka a m'mafilimu amenewa amapezeka pa YouTube paokhapaokha, osafunika kuthera bandulo pa filimu yonse. Magulu ovina pa zikwati amachita zimenezi kale. Koma ngati mukufuna kudziwa ngati gule wagwira kapena ayi, foni singakuuzeni. Zimenezo zimadziwika pamene anthu makumi asanu akhala chete nthawi imodzi, kapena pamene ayamba kuyankhulana nkhani za kumunda filimu ili mkati. Atsogoleri a magulu a achinyamata ndimawauza kuti abwere adzaonere pamodzi ndi anthu kaye, amve pamene anthu akuwa, kenako akatenge gawo limenelo pa foni.

Nkhani ya ana ndisaisiye. Mafilimu a magule amakoka ana a pulayimale kuposa ena onse, ndipo mashoo tili ndi mbiri yoipa yojombetsa ana kusukulu. Mbiriyo sinangochokera kumwamba. Ine wa yunifolomu salowa, ndipo ndi chifukwa chake magule ndinawaika Lachisanu madzulo osati m'mawa. Kwa ana aang'ono, pa zonse ndatchulazi, ABCD 2 ndi Step Up 3D ndi zimene ndimaonetsa mtima uli m'malo.

Mnzanga wa pa Dyeratu, amene anthu ake ambiri ndi anyamata a kabaza ndi ogulitsa pamsewu, ndinamuuza kuti ayambe ndi Step Up 2, kope lowala, losamasulira, ndipo sabata yotsatira aike 3D. Wa ku Bangula, amene shoo yake ili pafupi ndi msika ndipo amalandira mabanja, ndinamuuza ABCD 2 ya Chichewa, tsiku limene magetsi alipo. Onse awiri ndinawachenjeza kuti asaonetse mtundu umodzi milungu yambiri yotsatizana, paja nyimbo imodzi sachezera gule. Anthu akaona a ku America katatu motsatizana amayamba kunena kuti ndi filimu imodzimodzi yangosintha zovala.

Chimene sindinathe kuwayankha anzangawo, ndiponso chimene anthu anga amandifunsa kawirikawiri, ndi filimu ya magule athu. Mnyamata wina amene amaimba ulimba ndi agogo ake anandifunsa tsiku lina, titamaliza ABCD 2, kuti Amwenyewa akutha bwanji kuika ng'oma za kwawo m'filimu n'kukavina nazo ku America, ife za kwathu zili kuti. Ndinamuuza kuti abwere ndi agogo akewo Lachisanu lotsatira, adzaimbe panja pa shoo theka la ola filimu isanayambe. Anabwera. Anthu anachuluka panja kuposa amene analowa mkati, amayi ena anamanga zitenje m'chiuno n'kulowa m'bwalo, ndipo filimu tinaiyamba mochedwa ndi ola lathunthu. Mnyamata wina anajambula zonse pa foni, ndipo sabata yotsatira ndinaziika pa sikirini filimu isanayambe. Chithunzi chinali chogwedera, mawu akuphulika m'masipika, koma anthu anapempha kuti ndibwereze kawiri, aliyense akuloza azakhali ake.